Njanji zopapatiza za m'madambo a ku Ireland

M'maphunziro anga a mbiri ya mayendedwe, gawo limene landigwira mtima kwambiri ndi la njanji za Bord na Móna, kampani ya boma la Ireland imene inakhazikitsidwa mu 1946 kuti izikumba peat. Peat ndi dothi lakuda lochokera ku zomera zimene sizinawole kwathunthu chifukwa chomira m'madzi a m'dambo, ndipo likauma limayaka moto. Limaunjikana pafupifupi milimita imodzi pa chaka, choncho wokumba mita imodzi amachotsa zimene dambo linasonkhanitsa kwa zaka pafupifupi 1,000.

Funso limene ndinali nalo linali lakuti, n'chifukwa chiyani anasankha njanji m'malo molambula misewu? Yankho lagona pa nthaka yeniyeniyo. Dambo la peat ndi lofewa moti galimoto yolemedwa ndi katundu imatitimira, pamene njanji yopepuka imagawa kulemerako pamalo aakulu. Mpata wa pakati pa zitsulo zake unali mamilimita 914, wocheperapo pa wa njanji ya kuno ku Malawi umene ndi mamilimita 1,067. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti njanji zina sizinali zokhalitsa. Antchito ankaziyala m'mbali mwa mulu wautali wa peat wouma, ndipo mulu ukatha kupakiridwa m'mabogi ankazinyamula m'zigawozigawo n'kukaziyala pamulu wina. Kunena zoona, njanji imeneyi inali chida chokololera chimene chinkatsata kumene kuli ntchito.

Mu 1949 kampaniyi inagula mitu ya sitima itatu yoyendera nthunzi kwa Andrew Barclay ku Kilmarnock, Scotland, yoti izikoleza peat yemweyo pokoka katundu kuchokera ku dambo la Clonsast kupita kumalo opangira magetsi ku Portarlington. Siinagwire ntchito nthawi yaitali chifukwa ya dizilo inaposa, koma yonse itatu inapulumuka. Wina uli ku Stradbally m'chigawo cha Laois, wina pa njanji ya Giant's Causeway and Bushmills, ndipo wachitatu anaukonzanso ku Talyllyn, Wales, n'kuupatsa dzina lakuti Tom Rolt.

Apa m'pamene ndikuona kuti pali chosowa. Mitu imeneyi yakhala ikukoka alendo m'nkhalango, m'mphepete mwa nyanja ndi m'mapiri, kutali ndi madambo amene inagulidwira, ndipo wokwera sangaone thukuta la anthu amene ankasuntha zitsulo m'matope. Malo opangira magetsi pokoleza peat a Shannonbridge ndi Lanesborough anatsekedwa mu December 2020, ndipo mu 2021 Bord na Móna inalengeza kuti yasiya kukumba peat, popeza dambo lophwetsedwa madzi limatulutsa mpweya wa kaboni wochuluka. Sitima ya Clonmacnoise and West Offaly Railway, imene inkalowetsa alendo pakati penipeni pa dambo la Blackwater ntchito yokumba ili mkati, inali itasiya kale kuyenda mu 2008.