Chokwezera matope chalandira gudumu lachiwiri

Khoma lafika pa lintala, ndiye zoponyerana njerwa m'mwamba ndazithetsa. Puloti yathu kuno ku Dedza ili potsetsereka, moti kuseri kwa nyumba maziko okha akulekeza m'chiuno. Munthu ali pansanja amakhala patali zedi ndi mnzake wapansi.

Chokwezera chomwe ndinaimika mwezi watha n'chosavuta: mapolo atatu a bulugamu omangidwa pamodzi kumutu ndi waya, miyendo yake yokwiriridwa n'kutsinderapo miyala. Kumutuko ndinapachika gudumu la njinga yakale lochotsa tayala ndi chubu, chingwe cha nayiloni n'kumayenda mu limu. Habu ndi yomweyo, ndinangoipaka girisi.

Koma gudumu limodzi silichepetsa kulemera kwa katundu. Chomwe limachita n'chakuti umakokera pansi m'malo monyamula, thupi lako n'kumakuthandiza. Ndowa ya malita 20 yodzaza matope a simenti imafika pafupifupi makilogalamu 40, ndipo mnyamata waganyu amawamva onsewo m'manja. Dzuwa likafika paliwombo ankayamba kuthiramo theka lokha, ndipo sindinamudzudzule.

Loweruka ndawonjezera gudumu laling'ono lomwe limakwera limodzi ndi ndowa. Owotcherera a pa boma anandiikira mbedza kunsi kwake. Nsonga ya chingwe ndaimanga kumutu kwa mapolo. Chingwecho chimatsika n'kukoleka kagudumuko, kenako chimakwera kukadutsa pa limu n'kubwerera kwa wokoka. Ndowa tsopano ikulendewera pa zingwe ziwiri, choncho wokoka akumva theka la kulemera, kuwonjezerapo pang'ono chifukwa chingwe chimakhulana ndi zitsulo. Vuto lake, chingwe chimachuluka: kuti ndowa ikwere mamita 3, uyenera kukoka mamita 6. Amisiri anaseka, amvekere, "Achimwene, mwaganiza zotichedwetsa eti?" Ikuchedwadi, koma ikufika yodzaza mpaka madzulo. Kwa ine bola zimenezo.

Wokoka aziima molunjika ndi limu. Masipoko amapirira katundu wolunjika, koma chingwe chikakokera cham'mbali limu imapindika kapena chingwe chimavuka. Ndipo pansi pa ndowa sipaima munthu, ngakhale ana obwera kudzaonerera aja.

Chatsala ndi njira ya wilibala yochokera pamulu wa mchenga. Ndagula zigwagwa za paini, poti kuno sizisowa, koma ndi chifunga chathu cham'mawachi zikumaterera koopsa. Ndayamba kukhomapo timatabwa topingasa kumanja ndi kumanzere poponda mapazi, pakati n'kusiya mpata wa tayala. Misomali ya mainchesi 4 yandithera ndili pakatikati, ndipo pamene zigwagwa zalumikizana pakufunika mzati wina chifukwa pakunepa wilibala ikadzaza. Mpaka ndimalize zimenezo, mchenga uziyenda m'ndowa kaye.