Zotuluka kumaliseche mimba itafuna kupita padera

Timagazi takuderako, tochepa komanso tosanunkha, nthawi zambiri ndi magazi akale amene akungotsukika. Koma mukaona zidutswa zotuwa ngati mnofu, kapena magazi oundana akuluakulu, mwina mimba yachoka. Zisungeni m'kabotolo koyera, mupite nazo kuchipatala tsiku lomwelo. Sikani, kuunika m'mimba ndi makina, ndiyo imaonetsa ngati mwana alipobe kapena ngati m'chiberekero mwatsalira zina, ndipo zotsalirazo zingabweretse matenda ndi kutaya magazi.

Musadikire kuti kuche musanapite kuchipatala ngati mukudzaza mapadi awiri pa ola kwa maola awiri, thupi latentha kufika madigiri 38, chikazi chikununkha, kapena mukumva chizungulire. Ululu wa mbali imodzi yam'munsi kapena wa paphewa ungatanthauze mimba yokhala kunja kwa chiberekero.

Chonde, musalowetse mankhwala azitsamba kumaliseche, ndipo muyambe mwasiya kugonana.