Chiliza chija tamanga, zikomo nonse

Ndakhala masiku atatu ndikulemba nkufufuta, kulemba nkufufuta, lero ndangoti zipite momwemo basi. Loweruka lapitali tinali kumudzi ku Chiradzulu kukaonetsa chiliza cha malemu bambo a ana anga. Chamangidwa abale, cha matailosi akuda, dzina lawo lalembedwa bwinobwino. Kwa ena ndi kankhani kakang'ono koma ine ndi amene ndikudziwa komwe ndachokera nacho.

Amene munali mu Blantyre muno mu Januwale 2023 mukukumbuka mmene kolera inavutira, mpaka masukulu anachedwa kutsegulira. Bambowa ananyamuka bwinobwino m'mawa kupita ku shedi kwawo kokhoma mipando, madzulo akubwera akuti m'mimba simuli bwino. Pofika pakati pa usiku maso anali atalowa mkati, khungu ukalitsina osabwerera. Tinathamanga nawo, anawaika ma diripi ku tenti kuja koma tsiku lachiwiri anatisiya. Chomwe chimandipweteka mpaka pano ndi maikidwe ake. Maliro a kolera sasambitsa, saonetsa nkhope, thupi analipopera klorini nkulikulunga mu pulasitiki, onyamula anali azaumoyo atavala magolovesi ife tili poteropo kumangoyang'ana ngati maliro a eni. Sindikuwanena azaumoyo ayi, amateteza ife tomwe, koma munthu wakhala naye zaka 14 osamutseka ndi maso omwe, mmm. Pamanda panatsala mulu wa dothi ndi kamtanda kathabwa komwe chiswe chinadya dzinja lomwelo lisanathe.

Misozi isanaume, alamu anga ndi achemwali awo anatulukira ndi galimoto ya hayala, ati tabwera kudzatenga katundu wa m'bale wathu. Zipangizo zonse za ukalipentala, matiresi, wailesi, mipando yomwe malemu anakhoma okha, mpaka makina anga osokera a Singer omwe ndinagula ndekha ndi ndalama za banki m'khonde. Katundu ndi katundu, amagulidwa. Koma mawu aja! Akuti ndinachedwa nawo dala kupita kuchipatala, akuti nanga bwanji iweyo ndi ana simunadwale, unawadyetsa chani. Amanena zimenezo ana atatu ali chilili pakhonde akumva. Usiku umenewo tinagona pa mphasa, chofunda chitenje.

Kenako Malichi, namondwe Freddy uja. Ife tinachita mwayi linangogwa khoma limodzi la nyumba ya lendi, anzathu aku Chilobwe ndi ku Manja matope ochokera m'phiri la Soche anawakwirira ali m'nyumba, ndiye sindingadandaule kwambiri. Koma nthawi imeneyo ndinafika poti ndikadzuka m'mawa ndimakhumudwa kuti kwachanso.

Ndiye ndiyambe kuthokoza. Sinditchula mayina poti ena mwa inu simukonda zoonekera, koma mukudzidziwa.

Amayi anzanga a Mvano, munabwera ndi ufa m'mabeseni, sopo, makala, ndipo simunabwere kamodzi kokha ngati mwambo, munkabwerabe anthu ena onse ataiwala kuti kuno kunagwa zovuta. Alandilodi anga, miyezi itatu osandifunsa lendi, khoma lija munamanganso osawonjezera ndi 1 tambala yomwe. Achimwene anga aku Johannesburg, ndikudziwa nanunso kumeneko simukudya zonona, koma mwezi ukatha foni imalira kuti pitani ku Mukuru. Aphunzitsi a mwana wanga woyamba amene munamugulira yunifomu nkumuuza kuti yatsala ku ofesi, mtsikana uja anakhoza mayeso a sitandade 8 ndipo pano ali ku sekondale.

Inu anebo anga ogulitsa tomato, inu ndiye ndikusowa ndinene bwanji. Madzulo aliwonse mumabwera ndi ka jumbo, tomato wofewa, kamulu ka bonya, nthawi zina mpiru, nkumati "amake mwana tandithandizeni izi zatsala, ziwonongeka." Mumaona ngati sindimadziwa eti? Bonya sawonongeka tsiku limodzi mayi. Mumangofuna ndisachite manyazi polandira, ndipo ndimalandiradi ngati ndikukuthandizani inuyo.

Ndithokozenso mayi wina wa ku Victim Support ku polisi amene anandikhazika pansi nkundiuza kuti kulanda chuma cha masiye ndi mlandu, lamulo lake lilipo kuyambira 2011, mkazi ndi ana ndi amene ali patsogolo. Ine sindimadziwa ndithu, ndimangoti ndi mmene zimakhalira. Azimayi anzanga zimenezi muzidziwe zisanakuonekereni. Ndinali nditatsimikiza zopita nayo patsogolo nkhaniyo, ankhoswe ndinawauza kale, koma chinandibweza ndi ichi.

Tsiku lina masana ndikuchapa, ndinangoona apongozi anga akulowa pa geti atasenza chinthu chokulunga m'chitenje, thukuta lili kamukamu. Gogo wamkulu, miyendo yovuta kale, achoka ku Chiradzulu pa minibasi, kuchoka pa siteji wapansi. Kutula pakhonde, kumasula, mutu wa makina anga aja. Sanapepese, sanafotokoze kuti awatenga bwanji kwa ana awo, anangoti "mayi, sokani ana adye." Ndinawaphikira tiyi wopanda mkaka, anamwa, tinalira tonse, nkubwerera tsiku lomwelo. Miyendo ya makinawo inabwera patapita sabata pa kabaza. Amayi, mwana munataya ndi inu, ine ndinataya mwamuna, koma munasenza katundu wanga pamutu panu. Makina amenewo ndi amene amanga chilizachi, diresi imodzi imodzi, mayunifomu, kupinda mathalauza, kusintha ma zipi.

Sizinali zophweka. Mu Novembala 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti ija, ndalama zomwe ndinasunga za simenti zinangosanduka theka la zomwe ndimawerengera, ulusi kukwera, nsalu kukwera, makasitomala kumangoti tidzapereka kumapeto kwa mwezi. Ndinayamba kugula thumba limodzi limodzi nkumasunga kuseri kwa chitseko, awiri anauma gwa ndi chinyezi, ndinalira ngati kwagwanso maliro. Anzanga a banki m'khonde ndi amene munandiuza kuti siya zosunga simenti, ponya masheya udzagule zonse pogawana. Zikomo, munali ndi nzeru kuposa ine.

Za chidani ndinene zoona, pakuti ena mumandiyamikira kuti ndine wopirira. Ndinawada alamu anga. Kuwada kwenikweni, kongoti dzina lawo likatchulidwa nsima imandikanika kumeza. Kutchalitchi tikafika pa mawu a kukhululukira aja m'pemphero ndimangotseka pakamwa, pafupifupi zaka ziwiri. Ana ndinawaletsa kutchula zoti ali ndi bambo aang'ono. BP inayamba nthawi imeneyo, sindinama.

Ndiye sabata yomanga chiliza, amisiri atangoyamba, ndikuona munthu akubwera ndi wilibala ndi fosholo. Alamu aja. Aonda, imvi zayamba. Masiku atatu akuponda simenti, kutunga madzi kumjigo, osalandira kanthu, osandiyang'ana kumaso. Zipangizo za malemu sanabweze, ndikumva anagulitsa kalekale, ndipo pepani sanatuluke pakamwa pawo. Apongozi anangondinong'oneza kuti chibale ndi fupa, ine osayankha. Loweruka pa chakudya ndinatenga beseni ndi jagi, ndinagwada nkuwasambitsa m'manja ngati alendo ena onse, manja anga akunjenjemera madzi mpaka kutayikira pa nsapato zawo. Kaya kumeneko ndiye kukhululuka kaya ayi, ine sindikudziwa, abusa adzandiuza. Koma alamu, ngati izi zikufikeni, simenti munaponda ija ndaiona. Zikomo.

A kwaya amene munabwera pa thilansipoti yanuyanu, achinyamata amene munalambula kumanda, amfumu potipatsa mpata, azimayi amene munagona pa moto kuphika, onse amene munaponya kangachepe pa Airtel Money ndi Mpamba ngakhale ena sitinaonanepo, Mulungu akubwezereni pomwe mwachotsapo.

Kunyumba kuno kwatsala mapoto awiri akuluakulu, beseni la buluu ndi mipando inayi yapulasitiki zomwe sindikudziwa eni ake, zinasakanikirana pa lole pobwerera. Mwini wake andiimbire kapena angobwera, ndimakhala pakhonde pa makina kuyambira 7 koloko.