Tsiku limene ndinalipira madola 30 kuti apongozi aone nkhuni

Apongozi anga atabwera kuno ku Maryland, ku America, kudzaona mdzukulu wawo, ndinati mkamwini weniweni sangowasiya pampando akuonera TV mwezi wonse. Kuno Okutobala akafika, anthu amapenga ndi masamba a mitengo. Amachita kulosera ngati mvula. Pa intaneti pali mapu osonyeza dera limene mitengo yayamba kusintha mtundu ndi limene yafika pachimake, ndipo anzanga akuntchito ankakamba zimenezi ngati mpira.

Ndinasankha Skyline Drive, msewu wa makilomita 169 woyenda pamsana pa mapiri a Blue Ridge, mu Shenandoah National Park ku Virginia. Mapu ndinawaona ndithu, asandinamizire munthu. Kungoti ndinawaona ngati munthu woyang'ana mandasi m'chiwaya. Madera ena anali obiriwira, ena achikasu, ena ofiira, koma mapiri athuwa anali a bulauni. Ndinati eya, apa ndiye zapsa bwino. Timawu ta m'munsi tofotokoza mitunduyo sindinatiwerenge.

Tinanyamuka Loweruka loyamba la Novembala, apongozi ali kumbuyo ndi mwana, atavala jekete yanga pamwamba pa chitenje. M'njira ndinasanduka mphunzitsi. Ndinafotokoza kuti masiku akamafupika mtengo umasiya kupanga chobiriwira chija cha m'masamba, chikasu chimene chinabisala n'kuonekera, ndipo kufiira kumadza masana kukamawala dzuwa usiku kukuzizira. Apongozi anangoti, "Oho." Kenako anauza mwana wawo, osati ine, kuti kwathu ku Dedza mombo umafiira mu Seputembala ukamaphukira, ndipo palibe amaupangira ulendo.

Pageti la ku Front Royal ndinapereka madola 30. Apongozi anaona.

"Iwe, akulipira chiyani bambo akewa?"

"Masamba, Amayi."

Panapita kanthawi.

"A ndiwo?"

Mayi a kunyumba analuma mlomo n'kuyang'ana pawindo.

Titayamba kukwera, m'munsimo munali timasamba tachikasu apa ndi apo, ndipo ndinati dikirani muone kumtunda. Kumtunda tinakafika. Mitengo yonse inali mbulanda, nthambi zili tayale ngati kwadutsa dzombe. Masamba anali pansi, ouma, mphepo ikuwakankhira m'ngalande. Ndiye msewuwu liwiro lake ndi mamailosi 35 pa ola, moti ngakhale manyazi akugwire, sungathawe msanga. Tinadutsa m'ngalande yoboola phiri ya Marys Rock, ine ndikupemphera kuti mwina tsidya linalo zinthu zisintha. Tsidya linalo tinapeza nkhungu.

Ndinaimabe pamalo ena oonera chigwa, poti ndalama zinali zitapita kale. Kutsogolo kunali mbuu, ngati wina wayanika nsalu yoyera. Apongozi anatsika pang'onopang'ono, osayang'ana n'komwe kuchigwako. Maso awo anali pa nthambi zouma zimene zinagwa m'mbali mwa msewu.

"Nkhuni zonsezi, palibe wotola?"

Ndinati, "Pepani Amayi, muno saloleza kutengera kunyumba."

Anapukusa mutu. Chapafupi ndi Big Meadows tinapeza agwape atatu ataima m'mbali mwa msewu, onenepa, akutiyang'ana opanda mantha. Apongozi anawayang'ana nthawi yaitali, kenako anafunsa mwana wawo ngati amenewonso saloleza. Atamva yankho anangoti, "Dziko lake ndi lomweli."

Apa m'pamene mayi a kunyumba anatenga foni yanga n'kutsegula mapu aja.

"Bambo a mwana, mwawerenga apa?"

Bulauni amatanthauza kuti zatha, mwachedwa. Ndipo masamba amayamba kusintha pamwamba pa phiri, pomwe pamazizira msanga, n'kumatsika m'munsi sabata ndi sabata. Ife tinachoka m'munsi, kumene mitengo inali pachimake, n'kukwera mamita oposa 1,000 kukafuna zimene zinayoyoka kale.

Tinafika kunyumba dzuwa likulowa. Ndikuimika galimoto pamalo pomwe ndimaimika tsiku lililonse, ndinaona mtengo wa maple umene ndimaudandaula kuti umandidetsera galasi. Unali psuu, ngati wayaka moto. Apongozi anaima pansi pake, manja kumbuyo, n'kuyang'ana m'mwamba. Kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo analankhula ndi ine mwachindunji.

"Bambo, si awa masamba aja?"

Ndinati ndi omwewo, Amayi.

M'mawa mwake ndinadzuka ndi phokoso la tsache. Anali atasesa onse amene anagwa usiku n'kuwaunjika pakona. Atalowa m'nyumba ndinawamva akujambula uthenga pa WhatsApp wopita kwa achemwali awo ku Dedza, mawu ali pamwamba: "Mkamwini wathu ndi munthu wabwino zedi. Dzulo anatitengera kutali kukaona nkhuni."