Mwana wa mano awiri anasanza kanyenya pa Cahora Bassa

Ife a ku Angónia madzi timawadziwa a pachitsime ndi a mvula basi. Mutifunse za mbatatesi, feteleza, kapena mtengo wa thumba pa msika wa Ulongwe, pamenepo tichezera mpaka tambala, koma za boti ayi ndithu. Nde mlamu wanga, mng'ono wawo wa amake mwana, yemwe ndi namwino ndipo amakhala ku Songo, atayimba foni kuti pa holide ya 25 June tibwere banja lonse tidzakwere boti pa nyanja ya Cahora Bassa, ine ndinavomera asanamalize n'komwe kulankhula. Banja lonse lake ndi ili: ineyo, amake mwana, khanda lathu la miyezi 8, kamtsikana ka zaka 7 ka akulu awo a madam, kolongolola koopsa, ndi apongozi anga akazi.

Nkhawa ya nyumba yonse inali pa khandalo. Ati lisanza, ati lichita chizungulire, ati likomoka pakati pa madzi tidzatani. Ine monga mutu wa banja ndinamufunsa mlamu kuti ndigule mapilisi ati oletsa kusanza paulendo, ndiziphwanya pa supuni. Anakuwa pafoni mpaka ndinayichotsa kukhutu. "Alamu musayerekeze! Mwana wosakwana zaka 2 sapatsidwa mankhwala amenewo popanda dokotala, ena ngati promethazine amatha kumugonetsa mpaka kupuma kumavuta. Komanso makanda sizimawagwira kawirikawiri za botizi, zimayamba mwana akadutsa zaka 2, ndipo zimavuta kwambiri cha m'ma 6 mpaka 12 umo. Muziopera wa zaka 7yo. Ndi inuyo." Apo ndinaseka. Munthu woti ndimakhala pamwamba pa matumba a mbatatesi pa lole kuchoka ku Ulongwe mpaka ku Tete osagwedezeka mtima, ndikasanzitsidwe ndi madzi?

Ulendo wa chapa, minibasi ya kwathu kuno ku Mozambique, sindiwutalikitsa. Tinatsika kudzera pa Mussacama, Moatize ndi fumbi lake la malasha, kuwoloka Zambezi pa mlatho wa Samora Machel, majuzi onse omwe tinavala kwathu kozizira kuja tinavula mmodzimmodzi, paja ku Tete ngakhale mu June kwa ife ndi chilimwe. Kenako chapa ina ya ku Songo, makilomita ngati 150, kumapeto kwake msewu wokwera phiri wokhotakhota uja. Khanda linagona njira yonse.

Vuto linayambira pa chakudya. Nyumba ya mlamu ndi yaing'ono, pabalaza ndi pomwe podyera, ndipo apongozi anakhazikika pomwepo. Inu mukudziwa, mkamwini sudya pamaso pa apongozi, suwayang'ana kumaso, mukakumana panjira umapatuka kulowa m'udzu ngakhale muli chitedze. Madzulo nsima yanga anandipititsira pakhonde koma mawindo ali pululu, ndikumva apongozi akutsokomola pafupi pomwepo, nde ndinangotsina mbamu zowerengeka nkusamba m'manja, kugona m'mimba mukulira. M'mawa mlamu analamula kuti aliyense adye mopepuka, tiyi ndi buledi pang'ono, zamafuta ayi. Ine ndinati ndikukagula mayunitsi a foni. Kuseri kwa msika ndinapeza mnyamata akuwotcha mbuzi, ndipo mbuzi ya ku Tete abale musandiweruze, imakoma mwa mtundu wina, mwina ndi masau ndi malambe omwe imatola m'tchire muja. Ndinadya kanyenya wa mafuta, tchipisi, kabichi wa tsabola, ndinatsitsira refresko wofiira wozizira, pobwerera nkugula kambale ka masau kumadya m'njira mothamanga mpaka nthangala ina inangodutsa pakhosi osapempha.

Botilo silinali chisitima ayi, linali la injini kumbuyo, mabenchi oyang'anizana, aliyense atavala jekete la olenji lija loti ukagwa uyandame. Mlamu anapereka malamulo ngati ali ku wodi: khalani chapakati pomwe sipagwedezeka kwambiri, yang'anani kutali kumapiri komwe sikukusuntha, foni m'thumba, mphepo izikuwombani kumaso. Apongozi anakhala pakati penipeni. Nde ine ndikhale pati? Ndinathawira kumbuyo kwenikweni pafupi ndi injini, pomwe utsi wa petulo umakulowa m'mphuno mwachindunji. Nditati ndikweze maso ndiyang'ane kumapiri monga ananenera namwino, ndinapeza kuti pakati pa ine ndi mapiriwo pali duku la apongozi ndi nkhope yawo yonse. Kumanja kuli thanthwe lomwe likuthamanga, kumanzere chimodzimodzi. Basi ndinaweramitsa mutu mwaulemu wonse, kumayang'ana pansi pa boti pomwe timadzi tosakanikirana ndi mafuta timapita uku nkubwera uku.

Poyamba zinali bho. Mpaka ndinayamba kuphunzitsa anthu mbiri, maso ali pansi chomwecho. Ndinawauza kuti damu limeneli anayamba kumanga mu 1969 nkutseka madzi mu 1974, khoma lake ndi lotalika mamita 171, limapanga magetsi okwana 2,075 MW ndipo ambiri amayenda pa mawaya makilomita oposa 1,400 kukafika ku South Africa, nyanjayi imakafika mpaka ku Zumbo kumalire ndi Zambia ndi Zimbabwe. Ndinafika mpaka pa 2007 pomwe damu linachoka m'manja mwa Apwitikizi kubwera m'manja mwathu, ndikutchula mawu aja a Guebuza, pulezidenti wa nthawi imeneyo, oti "Cahora Bassa é nossa", kutanthauza kuti Cahora Bassa ndi yathu, woyendetsa boti nkumagwedeza mutu kuti chefe mukuzidziwa. Apongozi anauza mwana wawo kuti, "Abambo akewa sukulu inawalowa." Mtima wanga unakwera kumwamba.

Titangotuluka pakati pa mapiri paja nkufika poyera, mphepo ya mwera inatilandira. Boti linayamba kukwera, kutsika, kukwera, kenako kupendekeka cham'mbali, ndipo chinthu china chinayamba kukwera nalo limodzi m'kati mwangamu. Choyamba ndi kuyasamula kosatha. Kenako malovu kudzaza m'kamwa, ukameza ena abwera. Kenako thukuta lozizira pachipumi chonsecho kunja kukuwomba mphepo. Mbiri ya damu inathera pomwepo, pakati pa chiganizo.

Kamtsikana kaja kanali katasiya kulongolola kalekale, milomo itauma. Amake mwana ataona choncho anangondiponyera khanda m'manja, "Tagwirani uyu abambo ake," iwo ndi mlamu ndi apongozi onse nkutembenukira kwa mtsikanayo kumugwira kuti asanzire m'madzi. Onse atandipatsa misana choncho, boti linatsika chigwa china chachikulu, ndipo mbuzi ija inati ine ndatuluka. Panalibe nthawi yotembenuka. Zonse zinathera pa chitenje chomwe anakulungira mwana, chitenje chatsopano chomwe apongozi anagula okha pa msika wa Ulongwe, kuyambira pachifuwa cha khanda mpaka kumapazi.

Ndinapukuta pakamwa msangamsanga. Atatembenuka, pakamwa panga panatuluka mawu okha ndisanawatume: "Eee, mwana wasanza!"

Mwanayo nkuti akuseka, akumenya timanja, akusangalala ndi kutentha kwa chitenje.

Apongozi anamulanda mwana kudzera kwa amake, anamuvula chitenje chija nkuchiyala pa benchi. Anatenga kamtengo ka machesi. Abale, ine ndaonapo apolisi a pamsewu akusecha lole ya mbatatesi, koma kusecha kwa apongozi tsiku limenelo kunali kwina. Ankatembenuza chimodzichimodzi, kuchiyandikitsa kumaso, kuchiika pambali.

"Iwe, mwanayu ukumudyetsa chiyani?"

"Bere ndi phala basi amayi."

"Phala lake la mbuzi?"

Zii boti lonse, injini yokha. Anatola kachidutswa ka nyama kooneka bwinobwino mbali yomwe kanapsa ndi makala. Anatola kabichi. Kenako anatola nthangala ya masau, nkuikweza m'mwamba kuti aliyense aone, nkutsegula kukamwa kwa mdzukulu wawo ndi chala. Mano awiri, apansi, ongotuluka kumene.

"Mwana wa mano awiri. Nyama. Ndipo taonani kufiiraku, si magazi awa?" Anatsitsa mawu. "Izi ndi za usiku izi. Alipo akumudyetsa mwanayu tikagona. Kwanu kuja kunabwera ndani posachedwapa?"

Amake mwana anayamba kunjenjemera milomo. "Azakhali awo a bambo ake ndi omwe anagona kwathu sabata yatha."

"Ehee."

Ehee ameneyo anandilasa kuposa mafunde. Azakhali anga, mayi wa mvano woti Lamulungu lililonse ali kutchalitchi, anangobwera kudzaona mdzukulu atanyamula nkhuku ndi ufa, lero asanduka mfiti pakati pa Cahora Bassa iwo ali phee kumudzi akusenda chimanga. Apongozi anayamba kale kukonza pulogalamu, ati tikangofika tipite kwa munthu wina wake cha ku Dómue amene amaona zinthu zotere, ati ankhoswe a mbali zonse akhale pansi. Ndikuwerengera mumtima mameticais omwe apite pamenepo, anawonjezera ina akuyang'ana kumadzi: "Ngati si zimenezo, uwafunse abambo akewo ngati akuyenda bwino ku Tete komwe amakagulitsa mbatatesi zawoko. Tsempho silibwera lokha pakhomo." Amake mwana anatembenuka pang'onopang'ono nkundiyang'ana ndi diso lomwe sindinalionepo chikwatiranireni.

Ndinayang'ana kwa mlamu kuti mwina andipulumutsa ndi za chipatala. Mlamu nkuti ataluma kolala ya jekete lake la olenji, mapewa akugwedezeka, misozi ikutsika. Anali atadziwa kalekale, amangofuna aone kuti filimuyi ithera pati. Woyendetsa boti, amene anaona zonse kuyambira pachiyambi poti ndinali pafupi naye, anali busy kuyang'ana mtambo wina wake kumwamba.

Mlanduwu anaweruza ndi nyanja. Woyendetsa uja pokhota kuti tibwerere, boti linapereka nthiti ku mafunde, ndipo gawo lachiwiri la mbuzi linanyamuka. Ulendo uno ndinakwanitsa kufika m'mphepete, ndinagwada pa benchi mutu uli kunja, phokoso lake mpaka anyamata omwe amakonza maukonde pa chiboti cha kapenta chapafupi anaimirira nkuyamba kuimba malikhweru. Zofiira zomwe zija. Kabichi yemwe uja. Kamtsikana kaja, komwe tsopano kanali katapepukidwa nkupezanso mawu, kanasuzumira m'madzi nkukuwa:

"Agogo, agogo! Abambo aang'ono akusanza zofanana ndi za bebe!"

Mlamu anagwa pa benchi. Amake mwana anayang'ana chitenje, kuyang'ana m'madzi, kuyang'ana ine, nkukhala pansi kuphimba kumaso, mpaka lero sindidziwa ngati kunali kuseka kapena kuthokoza Mulungu kuti nkhani ya ku Tete ija yafera pomwepo. Apongozi sananene kanthu. Anangotaya kamtengo ka machesi kaja m'madzi.

Mlamu atapezako mpweya anandipatsa botolo la madzi kuti ndizimwa pang'onopang'ono, ndi kachidutswa ka jinja koti ndizitafuna, uku akundiphunzitsa mokweza dala kuti aliyense amve. Ati mkati mwa khutu muli timachubu tokhala ndi timadzi, thupi likapendekeka timadzito timasuntha nkuuza ubongo kuti tikuyenda. Nde inu alamu maso mwawaika pansi pa boti, maso akuuza ubongo kuti takhala phee, khutu likuti ayi tikugubuduzika, ubongo ukasokonezeka choncho umalamula m'mimba kuti tulutsani zonse. Kuwonjezera utsi wa petulo ndi mafuta a mbuzi yomwe munakagula ku mayunitsi ija. Ati khandali zimenezi sizinakhwime, khutu ndi maso ake sizinayambe kutsutsana, nchifukwa chake likungoseka, likabwezako ndi timkaka tochepa chifukwa chokhuta basi. Mankhwala ake ndi amodzi, kwezani mutu muyang'ane kumapiri.

Ndinati sindingathe. Anafunsa chifukwa. Ndinaloza ndi chigongono mbali yomwe kunali duku.

Apa ndi pomwe apongozi analankhula, osati kwa ine, kwa mwana wawo monga mwa mwambo: "Uwauze abambo akewo ayang'ane kuno. Ndi mankhwala, si chipongwe." Nde njira yonse yobwerera ndinakhala nditatong'ola maso pa phiri lomwe linali pamwamba penipeni pa duku la apongozi, iwo ali nkhope gwa, akudya masau omwe anatsala m'thumba la jekete langa, nthangala akulavulira m'dzanja bwinobwino. Ndipo zoona zinathandiza, mseru unatsika.

Kumtunda chitenje ndinachapa ndekha, woyendetsa boti ataima pambali kundiuza kuti ndisalowe kwambiri m'madzi muli ng'ona, uku akundikumbutsa kuti chefe paja munati damuli ndi lathu, nde mwasiyamo gawo lanu. Ndinamuwonjezera ya sopo wotsukira boti osatsutsa. Azakhali anga mpaka pano sadziwa kuti anakhalapo mfiti kwa kanthawi, ndipo amene adzawauze ameneyo tidzaonana.

Pobwerera, chapa isanayambe kutsika phiri la Songo, kondakitala anayamba kugawa majumbo kwa azimayi a ana, poti amadziwa zomwe makona aja amachita. Atafika pa ife anapereka jumbo kwa apongozi poti ndi omwe ananyamula khanda. Apongozi anailandira ndi manja awiri, anaifunyulula, anaipuzira mpweya kuona ngati ili yobooka, nkuipereka kwa amake mwana.

"Apatse abambo ake. Ndipo upemphe ina yapadera, iyi yachepa."