Ulendo wa ku Piasco: tinakaona mapazi a woyimba zeze

Tinanyamuka anthu asanu ndi mmodzi a m'gulu lathu la opeka nyimbo, aliyense atanyamula kanyimbo kake kolembera zeze mmodzi yekha. Tinalowera ku Piasco, katauni ka kumpoto kwa Italy komwe kampani ya Salvi imapanga azeze akuluakulu a m'makonsati, aja amati harp. Pomwepo palinso nyumba yosungiramo azeze akale yomwe inatsegulidwa mu 2006. Za m'njira ndisachulutse. Chomwe tinapitira chinachitika tsiku lachiwiri, pamene mayi wina woyimba zeze anavomera kuyesa nyimbo zathu.

Yanga ndinailemba nditakhala pa piyano, ndipo vuto linagona pamenepo. Mayiwo anangoponya maso pa tsamba loyamba n'kumwetulira. "Bambo, apa mwaika manoti asanu ku dzanja limodzi. Ife kachala kakumapetoka sitiyimbira." Ndinafufuta noti imodzi, manyazi atandigwira.

Kenaka anati tisiye kuyang'ana manja, tiyang'ane pansi. Zezeyu ali ndi nsambo 47, za noti ya C zofiira, za F zakuda, koma nkhani yonse ili pa mapedulo asanu ndi awiri. Phazi lamanzere limaponda D, C ndi B, lamanja E, F, G ndi A. Pedulo iliyonse imaima malo atatu: pamwamba flat (noti yotsikirako pang'ono), pakati noti wamba, pansi sharp (noti yokwererako pang'ono). Njira imeneyi ndi ya Sébastien Érard, wopanga zida zoyimbira wa ku France, ya mu 1810. Mukaponda pedulo ya C, ma C amasinthira limodzi m'mwamba ndi m'munsi momwe. Tsono ine ndinalemba C ndi C sharp kuti zilire nthawi imodzi, zomwe sizitheka. Mayiwo anatenga pensulo, pa C sharp n'kulembapo D flat. Khutu limamva chimodzimodzi, koma nsambo ndi ina. Pamzere wotsatira ndinafuna E ndi G zisinthe pakamphindi kamodzi, osadziwa kuti zonsezo n'za phazi limodzi.

Mnzathu wina zake zinayenda bwino, mwina chifukwa anawerengapo buku la katswiri woyimba zeze Carlos Salzedo la maliridwe atsopano a zeze. M'nyimbo yake mnzathuyo anapempha kuti nsambo zikodoledwe pafupi ndi thupi la zeze, mawu n'kutuluka ouma ngati a gitala. Anasiyanso malo oti woyimba agwire nsambo zikuluzikulu ndi chikhatho, chifukwa zikapanda kugwidwa zimangolirabe mpaka kuphimba zotsatira. Mayiwo anatiyimbirako pang'ono Sequenza II, nyimbo ya zeze yomwe Luciano Berio wa ku Italy anapeka mu 1963. Ena anati n'phokoso. Ine ndinaikonda, makamaka pomwe zeze anasiya ulemu wake n'kuyamba kukalipa.

Pobwerera m'sitima munalibe macheza ambiri. Aliyense anali ndi pensulo, kujambula timizere tisanu ndi tiwiri ta mapedulo pamwamba pa tsamba. Yanga ndaidula pafupifupi theka, ndipo tinagwirizana kuti tiwatumizira mayiwo zokonzazo mwezi wamawa.