Apongozi anga ndi 0.05

Inde, n'zoona, apongozi anabwerera ku Chiradzulu Lolemba m'malo mwa Lachisanu, ndipo wochititsa ndine. Koma inu amene mukufalitsa zoti ndinawatukwana, imvani kaye.

Anayamba ndi iwo. Atangofika kwathu ku Chilomoni anati nsima ya pa hotipuleti amaizindikira pa mbamu yoyamba, ati siipsa, imangotentha. Tsoka ilo, sabata yomweyo kukalasi yamadzulo tinali titaphunzira za Ronald Fisher, katswiri wa ku England amene anayesa mayi wina yemwe ankati akalawa tiyi amadziwa ngati m'kapu munayamba kuthiridwa mkaka kapena tiyiyo. Makapu 8, anayi mwakuti, anayi mwakuti. Ine mumtima ndinati homuweki yabwera yokha pa minibasi.

Loweruka ndinakoleza mbaula, mayi akunyumba anaphika mapoto awiri, ufa womwewo, mthiko womwewo. Mitanda inayi ya pamakala, inayi ya pamagetsi, mbale zofanana, ndondomeko yake ndinalemba pakapepala n'kuika m'thumba. Mpaka apa zinali bwino. Cholakwika n'chakuti ndinafuna kufotokoza.

"Amayi," ndinatero nditagwada ndithu mwaulemu, "pa mayeso ngati awa timayamba ndi ganizo loti inuyo simudziwa kanthu, mukungolota. Limatchedwa null hypothesis."

Abale anga, m'nyumba munati zii. Supuni inagwa kukhitchini, palibe anaitola. Tambala wa aneba amene amalira ngakhale masana anameza mawu. Ndikukhulupirira kuti mpaka ku Ginnery Corner magalimoto anaima. Apongozi anavula magalasi, kuwapukuta ndi chitenje, kuwavalanso, kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku masilipasi, n'kuwavulanso. Kenako anatembenukira mwana wawo.

"Iwe, akamwiniwa akuti ndani sadziwa kanthu?"

Anasamba m'manja. Anatema mbamu pa mtanda uliwonse, osatowa ndiwo, maso ali pa ine ngati wapolisi wa pa rodibuloko. Atatha analoza mbale zinayi: "Za makala ndi izi."

Ndinatulutsa kapepala. Zitatu analondola, imodzi anaphonya. Munthu wanzeru akanawomba m'manja n'kupita kukagula Fanta. Ine ndinatulutsa kakyuleta.

Pali njira 70 zosankhira mbale zinayi pa mbale 8. Wongolota akhoza kulondola zonse mwa njira imodzi yokha, ndiye kuti 0.014. Koma kulondola zitatu kapena kuposa pamenepo, njira zake ndi 17 pa 70, pafupifupi 0.24. Malire ndinali nditaika kale pa 0.05, kutanthauza kuti ndivomera pokhapokha zotsatirazo zikhale zoti wongolota angazipeze kosaposa kamodzi pa maulendo 20. Ndiye ndinalengeza, ndi pakamwa panga pomwe, kuti umboni sunakwane.

"Mbale 6 pa 8 ndakhoza, si 75 peresenti imeneyo?" anafunsa. "Inuyo pa Fomu 4 masamu munapeza zingati?"

Funso limenelo silinali m'mayeso.

Apa ndiye ndidziteteze pang'ono. Sindinanene kuti sadziwa. Ndinati talephera kukana ganizo loti sadziwa, ndipo aliyense amene anakhalapo m'kalasi imeneyi akudziwa kuti zimenezi n'zosiyana. Woweruza akamasula munthu chifukwa umboni wachepa, sanati munthuyo ndi mngelo. Ndinawapatsa fanizo lomweli. Anangomva mawu oti khoti. Ndinayesanso kunena kuti tikanaphika mitanda yambiri mayesowo akanakhala amphamvu, mayi akunyumba anandifunsa ngati ndikudziwa mtengo wa thumba la chimanga ku Limbe.

Madzulo a Lolemba, titabwerako kokawakweza minibasi, kamwana kathu ka Sitandade 2 kanandikoka malaya.

"Adadi, tsiku lija mutapita kukatenga madzi osamba m'manja, ndinasinthanitsa mbale ziwiri. Ina mtanda wake unali waukulu, ndimafuna ukhale kufupi ndi ine."

Ndinatenga kapepala kaja, kanali kadakali m'thalauza. Ndinafunsa kamwanako kuti ziti. Yachiwiri ndi yachisanu. Ndinawerengera kawiri, kachitatu ndinachita kukhala pansi.

Zonse 8. 0.014.

Sindinawauzebe. Mayi akunyumba akuti ndiimbe ndekha, ine ndikuti mayunitsi. Kamwanako ndinakagulira mandasi a sabata yonse kuti katseke pakamwa, koma dzulo ndamva kakufunsa amake kuti agogo abweranso liti.